Ndawatchula a Mbewe kuti "iwe"

Lachisanu madzulo. Mtima suli m'malo.

Timu yathu ya magadi a ku Malawi yagonja 2-1 kwa anyamata a ku Kenya, uko ku bwalo la ku Abu Hamour, kuno kudziko la Aluya komwe tikugwira ntchito. Timatsogola mpaka kutatsala mphindi khumi. Kenako a Mbewe, kochi wathu, anatulutsa goloboyi Yohane, amene amagwira chilichonse, n'kulowetsa mlamu wawo woti sanapondeko ku training. Mipira iwiri, zigoli ziwiri.

Ndinapsa mtima n'kukuwa pamaso pa onse kuti, "Iwe Mbewe, mutu wako ukuyenda?"

Iwe! Munthu wa msinkhu wa bambo anga, yemwenso ndi supavaiza wanga kuntchito. Roster amalemba ndi iwowo, ndipo mwezi wamawa ndi amene asayine pepala langa lo-renew contract.

Sanakalipe. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Khalas, basi, achimwene, mpira watha." Chibwerereni kuno amangonditchula Dalitso, za uchimwenezi ndazimva lero.

M'basi pobwerera palibe anakhala nane pafupi. Roster ya mawa yatuluka pa WhatsApp ndipo ndaiwerenga katatu. Dzina langa mulibe. Pa geti yanga alembapo mlamu uja.