Mlendo wa bambo amene munamubweza pakhomo

Mchesi,
Lilongwe.
9 Ogasiti 2025

Achimwene Kalilu,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga a Madina pamodzi ndi ana. Nanga bambo akudzuka bwanji masiku ano? Chifuwa chija chinasiya? Ine kuno ndili moyo, alihamdulila, kungoti mtima sunakhale pansi kuyambira Loweruka lapitali.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Lachiwiri munayankha, koma nditangotchula dzina la a Layson, mlendo wa bambo uja, munati netiweki ikuvuta, n'kudula. Ndiye ndati ndilembe, mwina pepala mudzaliwerenga mpaka kumapeto. Ndapatsira a Faruku oyendetsa lole, ati akaisiya pa golosale ya pa Kanyenda.

Za kuno n'zochepa. Magetsi akuthima pafupifupi tsiku lililonse, moti ku shopu tabwerera ku makina opalasa ndi mapazi, pomwe mayunifolomu a sukulu aunjikana mpaka pakhomo. Madzi kumpopi akumabwera m'mawa mokha, ukachedwa wagona ndi fumbi. Kuzizira kwa chaka chino kwanding'amba milomo. Ndamva kuti kunyanjako mwera wavuta, asodzi ambiri sakulowa m'madzi.

Koma si zimenezi zandilembetsa kalata. Achimwene, mwandikhumudwitsa kwambiri, ndipo ndifuna mumve nkhani yonse kuchokera pachiyambi, chifukwa pafoni simunandipatsepo mpata woimaliza.

Mwezi wa Epulo kunabwera mayi wina ku shopu, dzina lawo a Atikonda, atanyamula malaya asanu a amuna awo. Anati ndichotse mabatani onse, ndisokerepo zomata zija timaika pa nsapato za ana. Nditafunsa chifukwa chake, anati amuna awo manja amanjenjemera, batani limodzi limawatengera nthawi yaitali mpaka amalira ndi ukali. Anati akamayenda amakwekwereza mapazi, akafika pakhomo miyendo imakana ngati yamatidwa pansi, ndipo mawu awo anachepa moti umachita kutchera khutu pakamwa pawo. Ine ndinasiya kupalasa makina. Zonse zimene ankanenazo ndinkaona bambo athu.

Mayi amenewa ndi amene amatsogolera kabungwe kothandiza anthu odwala manjenje ndi owasamalira. Anandiitana, ndipo ndakhala ndikupita Loweruka lililonse kwa miyezi inayi tsopano. Kumabwera mphunzitsi wopuma ntchito, dalaivala wa basi, ngakhale mayi wina wa msinkhu wanu womwewo. Matendawa madokotala amawatchula kuti Pakinsoni. Sapatsirana, si ufiti, komanso sachiritsika, zimenezo anatiuza mosabisa. Koma alipo mankhwala ochepetsa kunjenjemerako, ndipo zilipo njira zophunzitsa munthu kudzuka pampando, kudutsa pakhomo, kumwa madzi osatsamwa. Ndaona ndi maso anga bambo wina amene anabwera atamunyamula, pano akulowa yekha ndi choyendera chake.

Kabungweka n'kakang'ono, kalibe galimoto, ndipo amene amaona odwala ndi munthu mmodzi yekha, a Layson aja, omwe ntchito yawo ndi yophunzitsa odwala kuwongola thupi. Anati sangalembe kalata yoti bambo akaonedwe ndi dokotala wa mankhwalawo asanawaone kaye iwowo. Ndinawachonderera miyezi iwiri yathunthu. Ku Nkhotakota sanafikeko n'kale lomwe, odwala a ku Lilongwe konkuno akudikira pamzere. Potsiriza anavomera chifukwa ndinawatopetsa. Ndinakuuzani tsiku, inu munangoti chabwino.

Loweruka lapitali munthu uja ananyamuka kuno m'mamawa, kudzera ku Salima, kugwedezeka mu minibasi msewu wonse wa M5 mmene mukuudziwira. Anatsika pa Kanyenda dzuwa lili pamutu, choyendera chachitsulo cha miyendo inayi chili paphewa, n'kuyenda wapansi mpaka kwathu akufunsira njira. Inu munakamuchingamira panja pa mpanda, n'kumuuza kuti bambo anapita ku Dwambazi kwa abale. Simunamuyalire mkeka, simunamupatse ngakhale madzi akumwa. Ku Dwambazi, achimwene? Bambo amene akulephera kufika kuchimbudzi okha?

A Layson sanakudandauleni. Atabwera anangondiuza kuti odwala sanawapeze, ndipo choyendera anabwera nacho chifukwa amayenera kuchiyeza pa mwini wake. Ine ndi amene ndinasowa pobisa nkhope pamaso pa a Atikonda. Zenizeni ndinazimva kwa alamu anga, ndipo chonde musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza.

Akuti bambo anamva odi wa mlendo ali m'chipinda. Mukuwadziwa mmene alili ndi alendo. Anadzikoka pa bedi okha, kugwira khoma mpaka pakhomo, pamenepo miyendo inakana. Thupi linapita kutsogolo, mapazi n'kutsala, ndipo anamenyetsa chipumi pa felemu ya chitseko. Pamene inu munkaperekeza mlendo ndi bodza, a Madina anali akuwapukuta magazi. Madzulo ake, akuwamwetsa phala, bambo anawakodola kuti asendere pafupi, n'kuwafunsa kuti, "Kodi ine ndinamwalira kale, kuti mlendo wanga aziuzidwa kuti kulibe?"

Yankho la funso limeneli mwina muli nalo ndinu.

Sindikunena kuti ndinu munthu woipa mtima. Ndikudziwa chimene chinakuchititsani. Sindinaiwale za chaka chatha pa msika wa Dwangwa, pamene bambo anadzandira n'kugwera pa benchi ya tomato, mawu osamveka bwino, anthu n'kumaseka kuti shehe waledzera. Munthu amene waitana azana pa mzikiti wathu zaka makumi atatu, amene sanalawepo dontho la mowa chibadwire. Ndinamva kuti tsiku limenelo munagwira munthu pakhosi, ndipo ndikanakhalapo mwina ndikanakuthandizani. Kuyambira pamenepo munati bambo asamatulukenso, asaonedwe ndi anthu. Munafuna kuteteza ulemu wawo, ndikuvomereza.

Koma taonani zimene zatsatira. Chaka chatha ankayenda mpaka kumzikiti, ngakhale pang'onopang'ono. Lero sakudutsa pakhomo la chipinda chawo. A Layson akuti matendawa munthu akamangokhala thupi limauma msanga, ndipo akasowa wocheza naye mawu amatheratu. Anzawo a kumzikiti anasiya kubwera chifukwa nthawi zonse mumawauza kuti agona. Anthu a pamsika anawaseka tsiku limodzi, ife tawatsekera chaka chathunthu.

Ndamvanso kuti mukunena zoti anthu a mabungwe amabwera kudzajambula odwala kuti akapemphere zinthu kwa azungu. Ndinawafunsa a Atikonda maso ndi maso. Anati sajambula munthu amene sanavomere yekha, ndipo ngati tikufuna, a Layson foni yawo adzaisiya m'manja mwanu mpaka pobwerera. Zoti amakumana m'chipinda cha tchalitchi n'zoona, ndi kumene anawabwereka malo. Miyezi inayi yonseyi palibe amene wandilalikira, ndipo nthawi ya swala ikakwana amandionetsa pakona poti ndiswalire. Asilamu tilimo anayi.

Mawu ena amene munanena anandifika, akuti Ummy amalamula ali ku tauni, sanachapepo nsalu ya bambo ngakhale imodzi. Anandipweteka chifukwa ndi oona. Chimwalirireni mayi ndabwerako katatu kokha, ndipo ulendo uliwonse ndimagona masiku awiri n'kuthawa. Ndilibe chodzitetezera. Kuyenda kwanga konse kwa Loweruka lililonse n'chifukwa choti ndinasowa china chimene ndingachite ndili kuno.

Komatu nsaluzo inunso simuchapa, achimwene. Nyengo ino yodula nzimbe mumachoka kusanache, kubwera dzuwa litalowa, ndipo sindikukunenani, ndi ntchito imene ikudyetsa nyumba. Amene amawadzutsa bambo, kuwasambitsa, kuwaperekeza kuchimbudzi, kuwadyetsa ndi sipuni, ndi a Madina. Mkazi amene mwa mwambo wathu sayenera n'kukhala komwe mkeka umodzi ndi apongozi ake aamuna. Iwo amachita manyazi, bambonso amatembenukira kukhoma akamasambitsidwa. Ndipo muli ndi maso, mukuona kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Akuti msana ukuwapweteka moti powerama amachita kugwira bondo. Anandiuza pafoni kuti, "Alamu, sindikukana kuwasamalira, ndi bambo anga nanenso. Koma tsiku lina tidzagwa tonse awiri, ndipo sindikudziwa amene adzadzutse mnzake."

A Layson sankabwerera bambo okha. Ankafuna aonetse alamu, ndi inu nomwe, kanyamulidwe koti munthu asathyoke msana, ndi kakhazikidwe ka wodwala podya kuti asatsamwe. Ankafunanso akambe nanu za amene adzagwire ntchitoyi alamu akadzapita kuchipatala kukachira. Mwaganizirapo zimenezo? Kwatsala miyezi itatu yokha.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Ndabwereranso kwa a Atikonda, ndawauza zoona zonse, kuphatikizapo za Dwambazi. Ndinkayesa andithamangitsa. Anangoti nawonso amuna awo anawabisa zaka ziwiri, ndipo a Layson avomera kubweranso Loweruka pa 23 mwezi uno. Anena poyera kuti ulendo wachitatu sudzakhalapo, chifukwa tsiku limenelo alilanda kwa odwala ena. Ndikupempha kuti mudzakhale pakhomo, mudzatsegule chitseko, ndipo bambo adzanene okha ngati akumufuna mlendoyo kapena ayi. Mutu wawo uli bwinobwino, chimene chachepa ndi mawu basi. Akadzakana okha, ine ndidzatseka pakamwa, sindidzatchulanso nkhaniyi.

Ndinapempha abwana kuti andimasule masiku atatu. Akana, akuti mayunifolomu sangadikire, ndipo ndikachoka ndikapeza makina anga atakhala munthu wina. Ndawauza kuti ndamva. Ndibwerabe. Ndidzakwera minibasi imodzi ndi a Layson, choyendera chija ndidzanyamula ndine kuchokera pa Kanyenda. Ngati bambo adzakhale atapitanso ku Dwambazi, mudzandiuze ineyo, mukundiyang'ana.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwauze pafupi ndi khutu kuti ndikubwera ndipo ndawasokera mikanjo iwiri yopanda mabatani. Moni kwa alamu anga a Madina, azipumako. Moni kwa azakhali a ku Dwambazi, omwe sakudziwa n'komwe kuti anali ndi mlendo, kwa amalume a Bakari ndi banja lawo, ndi kwa ana onse. Allah akusungeni, ndipo atifewetse mitima tonse awiri, chifukwa wanganso panopa ndi wouma.

Ndine mlongo wanu,
Ummy Abdulhamid