Agogo Ake Agona ku Limbe

Lachitatu, Novembala 2020. Tsiku losazizira, losatentha.

M'mawa ku ofesi ku Aziziya, kuno ku dziko la Aluya kumene ndimagwira ntchito, mzungu watsopano anandifunsa kwathu. Ndinati ku Malawi. Iye n'kuseka kuseri kwa masiki: "Ayi, kwenikweni? Chingerezi chako n'chabwino kwambiri." Zaka zinayi za ku yunivesite zapindula, andikweza, sindinenso Mmalawi. Masana ndinalemba kalata yodandaula kwa mabwana, ndime zitatu, mawu oti "tsankho" kawiri. Ndimati nditumize mawa.

Poweruka ndinalowa m'famase ku Muntazah kukagula mankhwala a mutu. Wogulitsa, Mmwenye, atandimva ndikulankhula Chichewa pafoni anati, "Achimwene, mwaswera bwanji? Ine ndine wa ku Limbe." Chichewa chake chosalala kuposa changa.

Ndiye ine, mwini kalata ija, pakamwa n'kutuluka: "Ku Limbe inde, koma kwenikweni kwanu ndi kuti?"

Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Agogo anga agona ku Limbe komweko. Anu agona kuti?"

Anga agona ku Mozambiki, bambo anaoloka Muloza ali kumsana. Sindinamuuze. Anandipatsa mankhwala n'kutsanzika mosakaniza ndi chiyankhulo cha Aluya, "Yalla, muyende bwino," osakwiya, ngati munthu amene funsoli analizolowera ali mwana.

Kwathu timafunsana mudzi ndi mfumu pofufuza ubale. Ine sindimafufuza ubale. Ndimafuna avomere kuti ndi mlendo.

Kalata ikadali pa laputopu. Mzungu uja analakwa ndithu, pamenepo sindikubweza. Koma ndikaitumiza, chilungamo chake ndilembenso yachiwiri, ndipo pa mzere wa dzina la wolakwa ndiikepo langa, kenaka...