Ulusi wa akangaude umene munkauona

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Mitundu tilipo. Mdzukulu wanu Esinta wachira ku Nathenje, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma wosankha ndi mlamu wanga. Ine ndayamba kusiyamo wowola, ine amene munkati sindiphonya ngakhale kachitsotso.

Amayi, ndili ndi mantha. Mukukumbukira chaka chomaliza chija musanatisiye, mukudandaula kuti m'nyumba mwadzaza ulusi wa akangaude? Ndinasesa kudenga katatu, ndinasesa ndi kuseri kwa chitseko. Kenaka ndinakukalipirani kuti mukungofuna kundivutitsa. Inu munangoti, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Mwezi watha ndikuwerama pa mjigo, ulusi womwewo unagwera m'diso langa lakumanja, wakuda, wina wofiirira. Ndinapukuta ndi chitenje, ndinasamba, koma sunachoke. Ndikayang'ana kumbali, umanditsatira.

Ku chipatala cha ku Lilongwe anandithira mankhwala m'maso nkuunikamo. Adokotala akuti shuga wanga uja wawononga mitsempha ya kuseri kwa diso, ndiye kwayamba kumera timitsempha tina tosafunika, ngati mphukira za fodya. Timeneti nditofooka, timaphulika, ndipo ulusiwo ndi magazi. Akuti m'diso lakumanzerenso tayamba kumera. Ndinawauza kuti mapiritsi sindinadumphepo tsiku, tiyi ndimamwa wopanda shuga. Akuti matendawa anakhalitsa m'thupi ndisanadziwe.

Lachinayi akufuna kuwotcha mkati mwa diso ndi makina a kuwala, kuti timitsemphato tileke kumera. Sanalonjeze kuti ulusi utha, angoti tipulumutse kuona komwe kwatsala. Kumsika anthu akuti amatulutsa diso nkuliika pa mbale. Ndinafunsa anamwino kawiri, akuti ndi bodza. Inu munakana kupita kuchipatala chifukwa cha mawu omwewo, ndipo ine sindinakukakamizeni, poti sindinkakhulupirira kuti mukudwala.

Dzulo ku Nathenje ndinanyamula kakhanda kaja pafupi ndi nkhope, ndikukayang'anitsitsa mpaka Esinta anaseka. Ndimafuna ndikasunge m'mutu, mwina mwake.

Mundikhululukire, Amayi. M'nyumba munalibe akangaude, koma simunkanama.

Lachinayi ndikwera minibasi yoyamba. Chimenechi ndakulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya