Singano yokudyetsa ndi singano yokuliza

Aphungu,

Sindikutchulani Agogo ngati mmene amachitira enawa, chifukwa mwina wamkulu ndine. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndiye mukaona pokhota mungowongola.

Ndine telala, ndimasokera pakhonde la golosale ina. Mayi akunyumba anatisiya chaka chatha. Ana ali kutali ndi mabanja awo, foni amaimba akakumbuka. M'nyumba tatsala awiri, ine ndi galamafoni imene tinagula titangokwatirana.

Pali chimbale china chimene tinkachikonda. Ndikaweruka ndinkachiika, ine pampando nsapato nditavula, mayiwo kukhitchini akutsuka mbale chitseko chosatseka. Pa nyimbo yachiwiri, bambo woimbayo akafika pobwereza, pankamveka mawu a mzimayi akumuyankha chapansipansi, okoma zedi. Zaka zonsezi ankamveka. Chimwalirireni mayiwa ndinakhala nthawi osachikhudza. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kuchiika, gitala alipo, ng'oma ilipo, bambo uja alipo, koma mzimayi uja zii.

Ndinapita nacho kusitolo yogulitsa zoimbira, galamafoni yomwe nditanyamula. Mwini wake atangoona galamafoni yanga anaseka. "Madala, singano yanuyi inatha kale, ikulima chimbale ngati khasu. Mawu ang'onoang'ono ndi amene amayamba kuthawa." Anandionetsa singano ina, akuti ndi yapamwamba, kamkono katsopano koigwira, ndi mbale yolemera yozunguza chimbale kuti chisamanjenjemere. Akuti ngakhale mawaya ndisinthe. Atatchula mtengo ndinapempha mpando.

Anandiyesera pa makina ake. Kunama n'koipa, zinamveka bwino. Ndinamva mpaka woimbayo akukoka mpweya, zala zikutsetsereka pa gitala. Koma mzimayi uja sanabwere. Nditamuuza anati, "Muno muli phokoso, madala, akamveka kunyumba. Komanso singano yatsopano imafuna izolowere kaye."

Ndalama zoterozo ndilibe, pokhapokha nditagulitsa makina anga osokera, ndipo wogula alipo kale. Nanga ndiwasungira chiyani? Maso anayamba kuvuta, ulusi ndimachita kupempha wokonza nsapato amene timakhala naye pakhondepo kuti andilowetsere. Iyeyo akuti ndapenga. "Achimwene, mutaye singano yokudyetsani, mugule singano yokulizani?" Ndinamuuza kuti asamale za zidendene zake.

Mlamu wanga, mng'ono wawo wa malemu, atabwera kudzandiona ndinamufotokozera za mawu asowawa. Anangoyang'ana kumbali n'kupukuta maso. Kuyambira pamenepo sindinauzenso munthu.

Ndiye ndiuzeni mosazungulira. Zida zodulazi n'zoyeneradi mtengo wake? Zindibwezera mawu ajawa? Ndatopa nako kudya ndekha m'nyumba yoti ukatsokomola umadziyankha wekha.

Telala wa pakhonde

*

A Telala,

Mwati ndisazungulire, ndiye imvani. Makina musagulitse.

Wasitoloyo sananame zonse ayi. Singano yakutha imawonongadi chimbale, ndipo zida zodulazo zimaimba bwino, mwadzimvera nokha. Kwa munthu wa ndalama zake ndi makutu ake, n'zabwino. Koma singano, idule bwanji, imangotola zimene zili m'mizere ya chimbale. Zimene mulibemo singazipeke. Taganizani: makina oti anakumvetsani mpweya wa munthu akanalephera bwanji kukumvetsani mzimayi wathunthu akuimba?

Ndikufunseni. Nyimbo imeneyi munaimverapo tsiku lina mayi atachokapo, ali kumsika kapena kuchipatala? Mawu aja ankachokera ku sipika, kapena kuchitseko chosatseka chija? Ine ndikuona kuti amene ankayankha bambo woimbayo ndi akazi anu, manja ali m'madzi a sopo. Mlamu wanu anazindikira pompo, n'chifukwa chake anapukuta maso. Ndikuganiza kuti nanunso penapake mumtima mukudziwa. Kungoti singano ili ndi sitolo yake, pomwe mayi alibe. Pepani kuti ndanena chonchi, koma bola ndikuuzeni ine lero kusiyana n'kuti mukazindikire nokha makina atapita.

Chochita n'chochepa. Gulani singano wamba yokwana pa galamafoni yanuyo, musapitirire apo. Imeneyo mutha kuipeza ndi ndalama ya mathalauza angapo, ndipo iteteza chimbalecho, poti china chonga chimenecho simudzachipezanso. Muzichipukuta ndi kansalu kofewa motsata mizere yake. Zidutswa za nsalu ndiye sindingaphunzitse telala kozipeza. Ndipo popeza maso ayamba kuvuta, pitani akakuoneni kuchipatala, makutu omwe. Magalasi a maso angakuthandizeni kuposa mawaya atsopano.

Za makina osokera, musamawaone ngati chitsulo chabe. Makinawo ndi amene amakutulutsani m'nyumba m'mawa. Pakhonde paja pali anthu okupatsani moni, pali wansapato woti mukangane naye. Mukawagulitsa mudzakhala pampando uja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mukumvera bwinobwino, mopanda phokoso lililonse, kuti mzimayi uja palibe.

Uzaninso ana nkhani imeneyi, musadikire kuti akumbuke okha. Afunseni ngati ankawamva mayi awo akuimba kukhitchini. Mudzadabwa kuti iwo ankadziwa kalekale. Kenako tsiku lina masana muitane mlamu wanu ndi amuna ake, ndi wansapato yemwe, muthire tiyi, muike chimbalecho. Mlamuyo musamukakamize kuimba, iye si malemu mkulu wake ndipo asalowe m'malo mwawo.

Chenjerani ndi mawu aja akuti "akamveka kunyumba". Mukagula singano n'kudandaula, adzati ndi mawaya. Mukagula mawaya adzati ndi masipika. Pomaliza adzati vuto ndi makoma a nyumba yanu.

Nyimbo yachiwiri ikafika pobwereza paja, musatchere khutu ku sipika. Mawu ake mukuwadziwa, mwakhala mukuwamva zaka zonsezi. Bambo woimbayo mumuyankhe ndinu. Mukaimba zosokonekera, wansapatoyo akuuzani.

Aphungu