Lamulo Lachitatu Ndinalemba Ndine

Lolemba, 6 Meyi 2024

Ndakwezedwa. Ine Teodora, mphunzitsi wa makompyuta pa Chifunde pano, ndiye wolemba malamulo a magalasi a chigawo chonse cha Tete. Chigawo chonsecho ndi anthu asanu pa gulu la pafoni, ndipo awiri sayankha n'komwe.

Mayi andifunsa ngati ndi galasi lodziyang'anirapo. Ndati ayi, Apwitikizi amati espelho: kompyuta yokopera mapulogalamu aulere kwa eni ake kutali uko n'kuwasunga pano, kuti masukulu azitengera pafupi m'malo molimbana ndi intaneti yathu yoyenda ngati bilimankhwe. Angoti "Ooo," n'kupitiriza kutonola chimanga.

A Edgar, mtsogoleri wathu wa ku Tete, akuti bungwe lina lapereka disiki yaikulu ndi mabatire a sola. Zipita kwa amene galasi lake lidzakwanitse malamulo Lachisanu. Opikisana tilipo awiri, ine ndi Hélio wa ku Cassacatiza, uja amayesa kuti poti amaona malole a ku Zambia tsiku lililonse ndiye kuti anafikako ku Ulaya.

Ndalemba atatu. Loyamba, galasi liziyaka tsiku lonse la ntchito. Lachiwiri, lizikopera zatsopano m'mawa uliwonse. Lachitatu, lizifanana ndendende ndi la eni ake: chimene afufuta kumeneko, kunonso chifufutike. Lachitatuli ndasokera Hélio, muyezo wake weniweni. Galasi lake ladzaza nyimbo ndi mafilimu a karate.

Lachiwiri, 7 Meyi

A Edgar: "Parabéns, kolega, malamulo ogwira mtima!" Hélio watumiza kankhope kolira. Ndadya bwino masana.

Kenako foni ya a Yoramu a ku Mualadzi. Bambowa akayamba moni, yamba wakhala pansi. Afunsa za mayi, za mbuzi, za bondo la a diretora, mkulu wa sukulu yathu, kenako ndiye nkhani. Ali ndi makompyuta asanu ndi anayi pasukulu pawo, akale kuposa ana amene amawagwiritsa ntchito. Awiri asokonekera, akufunika kuikidwanso pulogalamu, ija yakale yopepuka, poti yatsopano makina awo saikwanitsa. Apeza mota, njinga yamoto ya hayala, ya Lachisanu, abwera nawo.

"Inu ndinu chipatala chathu, a professora."

Ndati bwerani, bambo. Nditadula foni ndiye mutu unayamba kugwira ntchito. Pulogalamu yakaleyo, ndi zonse zoyendera limodzi nayo, eni ake anaifufuta mu Marichi. Yatsala pa disiki yanga yokha, chifukwa ine sindinaikepo kamawu kouza makina kuti azifufuta. Ndiye kuti wophwanya lamulo lachitatu wamkulu m'chigawo muno ndi mayi wolemba malamulo.

Nzeru zanga, abale inu.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndawaimbira a Edgar mwaulemu wonse, mawu ofewa ngati ndikupempha mchere. Ndati kodi lachitatu lija sitingaliwongoleko pang'ono? Andiwerengera uthenga wanga womwe wa Lolemba: "Galasi losafanana si galasi, ndi dzala." Ndinalembadi ine zimenezo, n'kuikanso zizindikiro zofuula zitatu.

Akuti tikayamba kukhululukirana, mawa wina adzagawira ana mapulogalamu akale obowoka, osakonzedwanso ndi aliyense. Chopweteka n'chakuti sakunama. Ndati makina a ku Mualadzi sadziwa n'komwe kuti intaneti n'chiyani, wakuba adzalowera pa zenera? Aseka. "Lamulo ndi lamulo, kolega."

Zakalezo ndi magiga 280. Fulashi yanga ndi ya 16. Disiki yatsopanoyo ikanasunga zonse, zakale pambali, zatsopano pambali, malo n'kutsala. Koma imabwera ukapambana kaye, ndipo umapambana ukafufuta kaye. Anaganiza bwino amene anakonza zimenezi. Ndine.

Lachinayi, 9 Meyi

Magetsi anathima 9 koloko, ana makumi asanu ali m'kalasi. Ndawaphunzitsanso kompyuta pa bolodi, kujambula mbewa ndi choko. Berta wa sitandade ya kumapeto wafunsa ngati pa mayeso adzadinanso choko. Magetsi athima kachitatu sabata ino. Mabatire aja ndikuwafuna, ndisanamizire kuti ayi.

Ndazungulira boma lonse kufuna disiki yobwereka. Aliyense ali nayo, koma ili kwa mlamu wake ku Tete. Foni ya a Yoramu sikulowa. Kwawoko netiweki imapezeka pachulu chimodzi, ndipo lero sanakwerepo.

Yemwe ali ndi disiki yopanda ntchito ndikumudziwa. Hélio. Ndinalemba uthenga, "Kolega, ndithandizeni," ndinauyang'ana, ndinaona kale mano ake onse panja akuuza gulu kuti mayi malamulo agwa m'mbuna yawo. Ndinaufufuta. Kufufuta ndiye ndayamba kukuzolowera.

Magetsi anabwera 3 koloko. Ndinakhala patsogolo pa makina mpaka belu. Kamawu kake n'kakafupi, zilembo zochepa chabe.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndapambana.

A Edgar anayeza ali ku Tete, 8 koloko. Galasi langa likufanana ndi la eni ake, palibe chosiyana ngakhale chimodzi. Hélio wagwa chifukwa cha karate. Disiki ndi mabatire zibwera sabata yamawa. Gulu lonse manja, ngakhale awiri osayankha aja adzuka kumanda kudzaomba nawo.

Pano palibe wondiwerenga, ndiye ndilembe zoona. Sizinachitike mwangozi. Dzulo ndinakalemba kamawu kaja ndi zala zangazi, ndinadina, ndinaonerera mayina a mapulogalamu akutsika pa sikirini mpaka anatha. Mphindi zinayi basi.

A Yoramu anafika cha m'ma 11, fumbi mpaka m'nsidze, makompyuta awiri atawakulunga m'zitenje za akazi awo n'kuwamanga ndi mphira kumbuyo kwa mota. Anawatsitsa okha, imodziimodzi, osalola wa mota kukhudza. Moni wa masiku onse: mayi, mbuzi, bondo. Akuti alonjeza ana a sukulu kuti Lolemba onse asanu ndi anayi adzayaka, ndipo ena asanu ndi awiriwo adzawabweretsa awiriawiri chisanu chisanathe, poti nawonso ayamba kutsokomola.

Ndinati, "Bambo, pulogalamu ija kulibe. Makina afufuta okha."

Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

"Yonse?"

"Yonse."

"Pepani, mwanangu. Makina amatero. Musadziimbe mlandu, mwaonda nazo kale nkhope. Inu mwatisungira zaka zitatu, ndani wina akanatero?"

Akanandikalipira bwenzi ndili bwino. Ndinkafuna andifunse mafunso, andipanikize mpaka ndiulule. Iwo anayamba kundipepesa ine, n'kundiyamikiranso za mabatire, poti a diretora anali atawauza kale pakhomo.

Wa mota anati akufuna kubwerera dzuwa lisanapendeke. Anakulunganso makompyuta aja m'zitenje osawayatsa n'komwe, anawakweza, mphira n'kumawapulumuka m'manja.

"Tagwirani apa, a professora, ndimange."

Ndinagwira.