Khaki ya Bambo

Okondedwa azakhali a Nachisale,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Dedza. Ife kuno kunja ku Wakefield tilipo, kungoti kuzizira kwayamba ndipo mawondo anga ayambanso kudandaula.

Mdzukulu wanu Peace akulimbikira ku yunivesite ku Sheffield. Panopa akulemba za mabuku a ku America. Akuti anthu a m'mabukumo amathamangira chuma kuti alowe m'gulu la apamwamba, ndipo akafika amayamba kubisa kumene anachokera. Akamafotokoza amachita kukoma kumumvera.

Lachisanu ndinamupititsira mandasi ndikuchokera ku ntchito, ndili mu yunifolomu yanga yosamalira okalamba. Anandilandira bwino ndithu. Koma anzake atatulukira, anandinong'oneza m'Chingerezi chakecho kuti, "Amayi, tsekani jekete." Ndinatseka mpaka m'khosi.

M'sitima pobwerera ndinkangoganiza za bambo, achimwene anu. Mukuikumbuka khaki yawo ya umesenjala ija, mmene ankaisitira ndi ayironi ya makala? Akamadutsa pasukulu pathu pa njinga, ndinkatuluka pamzere n'kumakuwa kuti anzanga onse adziwe kuti awo ndi bambo anga. Tinali osauka, koma ine sindinkadziwa.

Peace akaimba foni musamudzudzule. Ndi mwana wabwino, ndiponso kuno ndinamubweretsa ndine. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Chithunzi chija cha bambo ali mu khaki, ngati chiswe sichinadye, muwapatsire a Watson, anzathu a kuno aja, akamabwera kuchokera kumudziko. Ndikufuna ndichipachike pabalaza, moyang'anizana ndi mpando umene Peace amakhalapo akabwera ku holide.

Ndine mwana wanu,
Ethel