Tadala Wasiya Kukudikirani Pasiteji

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine Linesi wanu. Kuno ku Soche tilipo. Mng'ono wanga Esinati anachira mwezi watha, mwana wamwamuna, mphuno ngati yanu. Chimanga cha kamunda kanu kam'mbali mwa phiri tinakolola, ngakhale akuba ndiwo anayamba kulawa.

Koma chimene ndagwirira cholembera ndi mdzukulu wanu Tadala. Pamaliro anu tinachita monga timachitira, ana tinawapititsa kwa aneba kuti asaone bokosi. Atafunsa, ndinamuuza kuti agogo apita kuchipatala ku Zomba, abwera. Miyezi isanu, Amayi. Akaweruka kusukulu ankaima pasiteji, kuyang'ana aliyense wotsika minibasi. Ine ndinkamuona, koma zoona sindinamuuze.

Sabata yatha anabwera ndi kakalata koti aphunzitsi ake, a Nachisale, akundifuna. Ndinati kaya waba, kaya wavulaza mwana wa eni, kaya amuchotsa sukulu. M'njira monse ndinkamva mawu anu aja: "Iwe Linesi, umalira maliro wodwala akumwa phala."

Tinakhala m'kalasi ana ali pabuleki. Anati, "Amake Tadala, mwana sanalakwe. Dzulo anakweza mkono n'kundifunsa kuti, 'Madamu, munthu akamwalira amabwerera pa minibasi yanji?' Anzake anamuuza kalekale. Akungodikira kuti amve kwa inu."

Ndinati, "Nanga ndikamuuza chiyani, Madamu? Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Akandifunsa kuti Mulungu anawatengeranji, ndiyankha bwanji?"

Anaseka pang'ono, osati mondinyoza. Anati, "Mukuganiza kuti ku koleji anatiphunzitsa zimenezo? Ine ndinaika mwana wanga woyamba, ndipo mpaka lero Ambuye ndimawafunsabe. Sanandithamangitsepo. Ana akandifunsa zoterezi, chimene ndikukhulupirira ndimanena, chimene sindidziwa ndimati sindidziwa. Koma mukapitiriza za ku Zombazi, tsiku limene mudzamuuze za kumwamba adzati ndi Zomba ina."

Mawu amenewo anandilasa, Amayi. Inu munatiphunzitsa kupemphera tisanadziwe n'kuwerenga komwe, ndiye ine ndimutsekere mwana khomo limenelo ndi bodza langa? Tisanasiyane anandigwira dzanja n'kupemphera mwachidule, belu likulira.

Masana omwewo tikusankha nyemba pakhonde, ndinamuuza. Ndinati agogo anamwalira, ku Zomba sanapiteko, ndinakunamiza, undikhululukire. Analira, inenso ndinalira, nyemba zinamwazika. Kenaka anati, "Ndiye akumva kuzizira? Juzi yawo anaisiya pamsomali." Ndinati thupi tinaliika m'manda, silimvanso kuzizira, koma iwo ali kwa Ambuye amene ankawaimbira m'Mvano muja. Anati, "Nanga anawatengeranji?" Ndinati, "Sindidziwa, mwananga. Tizifunsa limodzi." Ndinkaopa kuti ndikanena mawu amenewo mwana adzasokonezeka mutu. Anangopukuta m'maso n'kuyamba kutola nyemba.

M'mawa mwake ataweruka anabwera molunjika kunyumba. Pasiteji sanaime.

Tsopano mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chanu. Amalume a Biziwiki anati ana sapita kumanda, akakhale kwa aneba ngati kale. Mukundidziwa, Amayi, pamaso pa amalume ine ndimangoti inde. Koma ndinagwada n'kunena kuti, "Amalume, pepani, uyu apita. Wadikira pamalo olakwika miyezi isanu, akaone pamene agogo ake anagona." Iwo anati, "Koma iwe wayamba kuyankhula ngati mlongo wanga." Sanakanenso.

Nkhawa sizinandithere. Denga likudonthabe pakona paja, ndipo khanda la Esinati likangotsokomola ine ndayamba kale kuganiza zambiri. Koma za Tadala mtima wakhala pansi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza kuti tsiku la chiliza ndibwera naye, ndimugwira dzanja mpaka pamene mwagona. Mukaona kamtsikana kovala juzi yanu ija yofika m'mawondo, ndi iyeyo.

Ndine mwana wanu,
Linesi